Dzina la Kazembe pa Mwala

Munthu wolemba pa pepala amamwaza mawu mosadandaula, pakuti inki ndi yotsika mtengo, ndipo akalakwitsa amang'amba tsamba n'kuyambanso. Mgiriki wakale wolemba pa mwala analibe mwayi wotere. Chilembo chilichonse chinkalira tchizulo, nyundo ndi mmisiri woti alipidwe, ndipo chikasemedwa chinkakhala pabwalo, mvula ndi dzuwa, kufikira adzukulu atadzachiwerenga. Wolemba wotere ankayamba waganiza kawiri asanalole liwu lililonse kukwera pa mwala. N'chifukwa chake zolemba zimene Agiriki anasiya pa miyala ndi pa mkuwa tingathe kuziunika monga timaunikira ndakatulo kapena nkhani yaifupi, n'kufunsa chimene mlembi anasankha, chimene anasiya, ndiponso amene anapindula nako kusankhako.

Tione mtundu umodzi wokha wa zolembazi, zija zolemekeza akazembe a nkhondo, ndiye kuti atsogoleri a asilikali. Funso loti tizifunse ndi lomwe lija mphunzitsi amafunsa pa phunziro la malamulo a chiyankhulo: kodi mwininkhani wa chiganizochi ndani? Pakakhala mneni wonena za kugonjetsa adani, patsogolo pake paime dzina la yani, la munthu mmodzi kapena la mzinda wonse? Kwa ife funsoli ndi la m'kalasi, koma Agiriki anakangana nalo zaka mazanamazana. Kumbukirani kuti pa nthawiyo Greece sanali dziko limodzi. Kunali mizinda yambiri yodzilamulira yokha, monga Athens, Sparta, Corinth ndi Thebes, ndipo mu uliwonse anthu ankaopa kuti mnzawo mmodzi akakula kwambiri adzawakhala pamutu. Kumbukiraninso kuti zaka za B.C. zimawerengedwa chobwerera, kotero kuti 490 ndi kale kuposa 479.

M'chaka cha 479 B.C., pa chigwa cha Plataea, mizinda ya Agiriki imene inagwirizana inagonjetsa gulu lankhondo la Persia, limene mfumu Xerxes inasiya m'manja mwa Mardonius. Wotsogolera Agiriki anali Pausanias wa ku Sparta, amene ankagwirizira ufumu m'malo mwa mwana wa Leonidas, pakuti mwanayo anali akadali wamng'ono. Pa zofunkha za nkhondoyo anapatula chakhumi n'kupangitsa mphatso yoti ikaime ku kachisi wa Apollo ku Delphi. Mphatsoyo inali mphika wa golide wa miyendo itatu, wokhazikidwa pa mzati wa mkuwa wopangidwa ngati njoka zitatu zopotana. Thucydides, mlembi wa mbiri wa ku Athens, akutiuza kuti Pausanias analembetsapo ndakatulo ya mizere iwiri mosafunsa munthu. Mizereyo inkanena kuti iye, monga mtsogoleri wa Agiriki, ndiye anawononga gulu la adani, ndipo iye yemweyo ndiye wapereka chikumbutsocho kwa mulunguyo.

Taonani kuti m'ndakatuloyo munali ntchito ziwiri, kuwononga ndi kupereka, ndipo zonse ziwiri mwini wake anali mmodzi. Amuna zikwizikwi amene anagwira mikondo analowamo ngati anthu otsogoleredwa chabe. Bodza lenileni munalibe, popeza Pausanias anatsogoleradi, ndipo anatsogolera bwino. Cholakwa chinali m'kamangidwe ka chiganizo. Akuluakulu a ku Sparta anachiona msanga, ndipo anatuma anthu kukafafaniza mizereyo n'kulembapo mayina a mizinda yonse imene inamenya nawo nkhondo.

Chimene analemba m'malo mwake chilipo mpaka lero, ngakhale kuti chili pa mkuwa osati pa mwala. Golide uja anamuchotsa anthu a ku Phocis pa nkhondo ya pakati pa 356 ndi 346 B.C., ndipo patapita zaka mazana ambiri mfumu Constantine ya Aroma inasamutsira mzatiwo ku mzinda wake watsopano, umene lero ndi Istanbul, kumene ukuimabe wopanda mitu ya njoka zija. Pa mapindi a njokazo pali chiganizo chimodzi chachifupi, chonena kuti otsatirawa ndiwo anamenya nkhondo, kenaka mayina 31. Woyamba ndi wa anthu a ku Sparta, wachiwiri a ku Athens, wachitatu a ku Corinth, n'kumatsika mpaka ku tizilumba ting'onoting'ono. Palibe mfotokozi ndi mmodzi yemwe. Palibe wotchedwa wolimba mtima kapena wanzeru. Chilumba cha Tenos chinalowamo chifukwa cha chombo chimodzi chokha, chimene chinathawa ku mbali ya Persia usiku woti mawa lake kuli nkhondo ya pa Salamis n'kudzaulula zimene adani anakonza, akutero Herodotus.

Mphamvu ya mndandanda umenewu yagona pa mayina amene palibepo. Munthu wa ku Thebes akafika ku Delphi ankatha kuzungulira mzatiwo kufuna dzina la kwawo osalipeza, chifukwa Thebes anagwirizana ndi Persia. Wa ku Argos chimodzimodzi, pakuti kwawo anangopinda manja. Mlembi sanawanyoze ndi liwu lililonse, anangowasiya, ndipo kusiyidwako kunaluma kuposa chitonzo. Koma tisafulumire kuombera m'manja. Herodotus akunena kuti nzika 5,000 za ku Sparta zinapita ku Plataea ndi anthu 35,000 a mtundu umene Sparta ankaugwiritsa ukapolo, asanu ndi awiri pa nzika iliyonse. Awanso pa mzatipo palibe, ndipo iwo sanapinde manja. Chida chomwecho chimene chinalanga Thebes mwachilungamo chinafafaniza anthu awa popanda mlandu.

Za Pausanias mwini, pajatu ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Anayamba kuvala zovala za ku Persia, anamuneneza kuti akupangana ndi mfumu ya adani, ndipo potsiriza anathawira m'kachisi wa Athena ku Sparta. Anamutsekera momwemo kufikira njala itamutha, n'kumutulutsa ali pafupi kutsirizika kuti asafere m'malo opatulika. Thucydides akunena kuti pamene ankamufufuza, anthu anakumbukiranso mizere iwiri ija.

Tsono tiyeni ku Athens, kumene nkhaniyi inafika pokoma. Cha m'ma 476 B.C., Kimon mwana wa Miltiades anatsogolera zombo za Athens ndi za mizinda yogwirizana nayo kukazinga linga la Eion, kumpoto, pamene mtsinje wa Strymon umathira m'nyanja. Lingalo linali m'manja mwa Boges, kazembe wa Persia. Atalilanda n'kubwerera kwawo, akazembe anapempha mphotho. Aeschines, katswiri wolankhula m'bwalo amene anakhalako zaka zoposa zana pambuyo pake, akufotokoza kuti anthu anawalola kuimika zipilala zitatu za mwala, za makona anayi, chilichonse chili ndi mutu wa mulungu Hermes pamwamba pake, koma anawaikira lamulo lakuti asalembepo mayina awo, kuti zolembazo zioneke kuti ndi za anthu onse. Ndakatulo zitatu zimene zinasemedwapo tikuzidziwa chifukwa Aeschines ndi Plutarch anazikopera m'zolemba zawo.

Mlakatuli amene anapatsidwa ntchitoyi anali pa mpanipani. Atamande munthu amene mzinda wonse ukumudziwa, koma asamutchule. Taonani momwe anadutsira. Pa chipilala chimodzi anatamanda kupirira kwa amuna amene anakazinga Eion. Pa china ananena kuti anthu a ku Athens apereka ichi kwa atsogoleri awo ngati malipiro a ntchito yabwino, kuti wobadwa m'tsogolo akachiona alimbe mtima kumenyera zinthu za onse. Apa mwininkhani ndi mzinda, ndipo akazembe asanduka olandira. Liwu la malipiro lomwelo likuwatsitsa pang'ono, popeza wolandira malipiro ndi wantchito. Koma pa chipilala chachitatu mlakatuli anachenjera. Anabwerera ku nthano za nkhondo ya ku Troy n'kutchula Menestheus, mfumu ya Athens ya m'nthanozo, imene Homer anaitama kuti inali katswiri pondandalika asilikali. Kazembe yekhayo amene anatchulidwa dzina pa zipilala zitatuzo ndi munthu wa m'nthano, amene sakanaopseza ufulu wa wina aliyense. Komatu aliyense wowerenga za katswiri wondandalika asilikali, ataima pa chikumbutso cha Eion, ankaona nkhope ya Kimon. N'chimodzimodzi kwathu kuno pamene munthu amutamanda pomutchula mfunda wa makolo ake: dzina lake silinamveke, koma bwalo lonse ladziwa amene akunenedwa. Plutarch akuvomereza kuti ngakhale dzina la Kimon panalibe, anthu a nthawiyo anauona ulemuwo kukhala wopambana, umene ngakhale Themistocles kapena Miltiades sanaulandire.

Pali liwu limodzi m'ndakatulo yoyamba limene ndimaliona kukhala loposa ena onse. Mlakatuli sananene za njala chabe. Anaipatsa mfotokozi wotanthauza chinthu choyaka, kotero kuti njala imene asilikali a Athens anagwetsera adani inakhala ngati moto. Wowerenga wosadziwa mbiri angati ndi fanizo wamba. Koma Herodotus akusimba kuti Boges anapatsidwa mwayi wotuluka mwamtendere n'kukana. Chakudya chitatha m'lingamo anasonkha chimoto chachikulu, anapha ana ake, mkazi wake ndi antchito ake n'kuwaponya pamoto, anataya golide ndi siliva yense mumtsinje wa Strymon, ndipo potsiriza anadziponya yekha m'malawi. Thucydides akuonjeza kuti anthu otsala mumzindamo anagwidwa ukapolo. Pa zonsezi mwala unasungapo kachizindikiro kamodzi kokha, mfotokozi uja wa moto. Ndi luso lalikulu, ndipo ndi luso loopsa, chifukwa labisa mitembo ya ana m'kati mwa liwu limodzi lokongola.

Plutarch akusimbanso kuti Miltiades, ngwazi ya nkhondo ya pa Marathon ya mu 490 B.C., anapemphapo nkhata ya masamba a azitona, ndipo munthu wina wa ku Dekeleia anaimirira mumsonkhano n'kumuyankha kuti adzapemphe ulemu wa yekha tsiku limene adzamenye nkhondo yekha n'kupambana yekha. Nkhaniyi ndi yokoma, koma Plutarch anailemba patapita zaka pafupifupi mazana asanu ndi limodzi. Aeschines nayenso tiyenera kumumva mochenjera. Zonse zija za zipilala za Eion anazinena mu 330 B.C. pa mlandu wotsutsa Ktesiphon, amene anapempha kuti Demosthenes, mdani wake wa Aeschines, avekedwe nkhata ya golide. Munthu wofuna kulepheretsa mnzake kulandira nkhata sangalephere kutama makolo amene sankapereka nkhata. Mlanduwo anagonja nawo, ndipo anachoka mu Athens.

Miyala yomwe imaonetsa kuti makolowo sanali odzichepetsa monga Aeschines ankafunira. Panali khomo la kuseri, ndilo mphatso yopereka kwa mulungu. Mzinda sunkalola kuti kazembe atamandidwe ndi dzina pa chikumbutso cha onse, koma sukanaletsa munthu kulemba dzina lake pa chopereka chake. Pa phiri la Acropolis panaimikidwa mzati wokhala ndi chifanizo cha mkazi wamapiko pamwamba, ndipo m'mizere iwiri ya mzatiwo munasemedwa dzina la Kallimachos wa ku Aphidna pamodzi ndi udindo wake wa mkulu wa nkhondo. Iyeyu anafera pa Marathon, choncho mawu onena za nkhondoyo anamulembera ndi ena. Asilikali a Persia anauphwanya mzatiwo mu 480 B.C., ndipo zidutswa zake anazilumikizanso n'kuzionetsa m'nyumba yosungiramo zakale ya Acropolis mu 2010. Ku Olympia nako anafukula chisoti cha mkuwa cholembedwa kuti Miltiades wachipereka kwa Zeus. Mneni wake ndi kupereka, osati kugonjetsa, ndipo ndi mnenimo mmene dzina linapulumukira.

Panalinso malo ena amene anthu a ku Athens ankalembapo mayina a akazembe awo mosaumira, ndiwo mapale. Kamodzi pa chaka ankatha kuvomerezana kuti nzika iliyonse ikande pa phale dzina la munthu amene ikufuna kuti achoke, ndipo wotchulidwa kwambiri ankachoka mumzinda zaka khumi. Themistocles, amene anapulumutsa Agiriki pa Salamis, anachoka motero cha m'ma 471 B.C., ndipo Kimon mu 461 B.C. Ofukula zakale anapeza m'chitsime china m'mbali mwa Acropolis mapale pafupifupi 190 okhala ndi dzina la Themistocles, olembedwa ndi manja a anthu 14 okha. Zikuoneka kuti adani ake anakonzeratu mapalewo kuti azigawira anthu. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pa zolemba zonse za mtundu umenewu, chimene ine ndimachiika patsogolo si ndakatulo ayi. Ndi mwala wina umene uli ku Louvre mu Paris, wosemedwa cha m'ma 460 B.C. Nzika za Athens zinagawidwa m'mafuko khumi, ndipo mwala uwu ndi wa fuko limodzi lokha, la Erechtheis. Pamwamba pali chiganizo chonena kuti awa ndiwo anafa pa nkhondo, n'kutchula malo asanu ndi limodzi: Cyprus, Egypt, Phoenicia, Halieis, Aegina ndi Megara. Chiganizocho chikutha ndi mawu osonyeza kuti onsewo anafa m'chaka chimodzi chomwecho. Pansi pake pali mayina 177 m'mizere itatu yotsika. Kuyambira ku Egypt mpaka ku Megara, pa khomo penipeni pa Athens, fuko limodzi mwa khumi linataya amuna ochuluka chotero m'miyezi khumi ndi iwiri. Mlembi sananene kuti zinali zomvetsa chisoni. Anangoika malowo pa mzere, n'kuika chaka chimodzicho kumapeto, n'kusiya wowerenga aphatikize yekha.

Mwachizolowezi Mgiriki ankadziwika ndi dzina lake, la bambo wake ndi la kwawo. Pa mwala uwu dzina la bambo palibe, la mudzi palibenso. Mwana wa mwini minda ndi mwana wa wopalasa chombo aima mofanana, aliyense ndi dzina limodzi. Akazembe alipo pakati pawo, ndipo mmodzi wa iwo ndi Hippodamas. Chimene analandira choposa anzake ndi liwu limodzi lotchula udindo wake, monga momwe analandirira Telenikos, mlosi amene anafera ku Egypt, ndi oponya mivi amene analembedwa chakumapeto. Apa kazembe watchulidwa ndi dzina pa mwala wa mzinda wonse, chinthu chimene Kimon anakanizidwa ali moyo. Mtengo wake unali wakuti afe kaye, ndipo mneni amene anamupatsa ndi womwewo wa anzake onse, wa kufa. Pa zaka zimene ndinkachonga zimangirizo za ophunzira, chovuta kwambiri kuphunzitsa chinali chimenechi, kuti mwana akhulupirire kuti mfundo yoikidwa pamalo pake imalira yokha popanda kuikolekera afotokozi atatu.

Zinthu zinatembenuka pamene Agiriki anayamba kumenyana okhaokha kwa nthawi yaitali. Mu 405 B.C. Lysander wa ku Sparta anagwira pafupifupi zombo zonse za Athens pa Aigospotamoi, ndipo chaka chotsatira Athens anagonja. Ku Delphi komwe kuja, pafupi ndi polowera, anaimika gulu la zifanizo za mkuwa zoposa makumi atatu. Mlembi wina wa maulendo wa m'zaka za m'ma 100 A.D., nayenso dzina lake Pausanias, anaziona n'kuzifotokoza. Kutsogolo kunali milungu, ndipo pakati pawo panaima Lysander, mulungu wa nyanja Poseidon akumuveka nkhata. Akazembe a zombo amene anamuthandiza anawaimika kumbuyo. Miyala ya pansi pa zifanizozo inapezeka, ndipo pa wina pali ndakatulo yonena kuti Lysander ndiye anaimika chifanizo chake atawononga mphamvu ya Athens ndi zombo zake zaliwiro, ndipo ndiye waveka Sparta nkhata. Mlakatuli wake, Ion wa ku Samos, anasainanso dzina lake pomwepo. Ichi ndi chiganizo cha Pausanias uja chitabweranso chonenepa, patapita zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, pa malo omwewo, ndipo ulendo uno palibe anatuma munthu kukachifafaniza. Onani kusinthana kwa malo: kale mzinda ndiwo unkapatsa kazembe malipiro, tsopano kazembe ndiye akuveka mzinda. Anthu a ku Samos anafika posintha dzina la chikondwerero cha mulungu wawo Hera n'kuchitcha dzina la Lysander.

Athens sanachedwe kutsatira. Konon, mmodzi wa akazembe amene anathawa pa Aigospotamoi, anagonjetsa zombo za Sparta pa Knidos mu 394 B.C. Demosthenes akunena kuti anamuimikira chifanizo cha mkuwa pa bwalo la mzinda, woyamba kulandira ulemu wotere chichokere pa Harmodios ndi Aristogeiton, amene ankakumbukiridwa ngati olimbana ndi ulamuliro wankhanza, ndiponso kuti pa mwala wake panalembedwa kuti iye anamasula mizinda yogwirizana ndi Athens. Chiganizo chimenechi chili ndi vuto loposa la Pausanias. Zombo zimene Konon anapambana nazo zinali za mfumu ya Persia, mnzake pa utsogoleri anali Pharnabazos, nduna ya mfumuyo, ndipo ndalama zomangiranso malinga a Athens chaka chotsatira zina zinachokera komweko. Adzukulu a amuna a pa Marathon sakanakonda kuwerenga zimenezo pa bwalo lawo. Dzina la munthu mmodzi linawathandiza kubisa manyazi a mzinda wonse. Apa tikuona kuti kukweza kazembe sikunali kudzikuza kwa kazembe yekha. Nthawi zina mzinda ndiwo unkafuna ngwazi yoti ubisale kumbuyo kwake.

Demosthenes yemweyo, pa mlandu wina cha m'ma 352 B.C., anadandaula ndi malankhulidwe a anthu a m'nthawi yake. Anati kale palibe akanati nkhondo ya pa Salamis ndi ya Themistocles kapena ya pa Marathon ndi ya Miltiades, pakuti zinali za mzinda, koma tsopano anthu akuti Timotheos ndiye analanda Corcyra ndipo Chabrias ndiye anapambana pa Naxos. Iye anamva m'makutu chimene ife tikuchiona pa miyala. Zidutswa za mwala wa pansi pa chifanizo cha Chabrias, wa nkhondo ya pa Naxos ya mu 376 B.C., zinafukulidwa pa bwalo la Athens. Pamwalapo pasemedwa nkhata zingapo, iliyonse ndi dzina la gulu limene linaipereka. Mndandanda ulipobe, koma watembenuzika. Pa mzati wa njoka uja mayina ambiri anali a omenya nkhondo. Apa mayina ambiri ndi a othokoza munthu mmodzi.

M'zaka zotsatira, Athens atagwa pansi pa mphamvu ya mafumu a Macedonia, zolemba zotere zinatalika zedi. Chitsanzo chabwino ndi lamulo lolemekeza Kallias wa ku Sphettos, la m'chaka cha 270 B.C., limene lili ndi mizere 109. Limayamba ndi mayina a akuluakulu a chaka chimenecho, n'kundandalika ntchito za Kallias chimodzichimodzi, n'kumaliza ndi mphotho zake: nkhata ya golide, chifanizo cha mkuwa pa bwalo, ndi mpando wakutsogolo pa masewero. Mawu otamanda changu chake ndi kukonda kwake mzinda akubwerezedwa mpaka khutu kuleka kuwamva, pakuti ndi mawu omwewo amene ankalembera wina aliyense wolemekezedwa. Monga cholembedwa, lamuloli silingaime pafupi ndi mwala wa Erechtheis. Kwa wolemba mbiri, komabe, ndi nkhokwe, chifukwa zambiri za momwe Athens anaukira mfumu Demetrios cha m'ma 287 B.C. tikuzidziwa kudzera mwa ilo. Ndipo ndiyenera kuvomereza kuti m'kati mwa mawu ochulukawo muli malo amodzi amoyo. Kallias, amene ankatumikira mfumu Ptolemy ya ku Egypt, anabwera kuchokera ku chilumba cha Andros ndi asilikali 1,000, n'kuwatulutsa kupita nawo kuminda kukalondera anthu okolola, kuti tirigu wochuluka alowe mumzinda adani asanauzinge. Kazembe woima m'munda kulondera okolola ndimamuona ndi maso. Wa changu ndi wokonda mzinda uja sindimuona.

Kallias anali ndi mbale wake, Phaidros, nayenso kazembe, amene analandira lamulo lake lalitali lomulemekeza patapita zaka zingapo. Phaidros ankamvana ndi mafumu a Macedonia, ndipo mwala wake unanena zimenezo poyera. Koma mu 200 B.C. Athens anadana ndi mfumu Philip V, ndipo msonkhano wa nzika unalamula kuti mayina a mfumuyo ndi a makolo ake achotsedwe paliponse. Mmisiri anabwera ndi tchizulo pa mwala wa Phaidros n'kupala mizere yonse yotchula mafumuwo. Mabala ake akuonekabe, kotero kuti wowerenga amayenda bwinobwino m'ntchito za Phaidros, n'kugwera m'dzenje, n'kutulukira pakati pa chiganizo china. Mwala wa Kallias sanaupale chotero. Patapita nthawi anthu ena anauzula pamalo pake chifukwa unali wosalala ndi wotambalala bwino, ndipo ofukula zakale a ku America anaupeza mu 1971 pa bwalo la Athens, utavundikira ngalande yaikulu yotayira madzi.